Kodi Kulimba kwa Wanchito Kupindulitsa Yani?

Mwezi uno tifuna kukamba ndi onse amene alemba anzao nchito m'boma la Neno, ngakhale amene ali ndi wanchito mmodzi yekha. Tinena inu a chigayo pa Zalewa, inu a sitolo pa Boma, inu olima mbatatesi ndi tirigu kumapiri a kwa Dambe, ndi inu amene muli ndi minda ya manachesi yofuna aganyu nthawi yothyola. Aphunzitsi akulu a sukulu naonso amvetsere, pakuti ngakhale salipira anthu ndi ndalama za m'thumba mwao, ndiwo ayang'anira anzao tsiku ndi tsiku. Tipemphanso odziwa kuwerenga kuti awerengere anzao nkhani iyi pabwalo.

Funsani mwini chigayo mtengo wa lamba, wa sefa kapena wa mafuta a injini, adzakuyankhani pomwepo. Adziwa kuti injini ikasowa oilo imafa, ndi kuti kugula ina ndi ndalama zambiri. Koma mumfunse kuti anataya zingati pamene mnyamata wache wodziwa kugaya anachoka, adzangoseka, nanena kuti anyamata ofuna nchito ngambiri. Inde, ngambiri. Koma wobwerayo adzatha masabata asanadziwe kumva kulira kwa injini pamene yayamba kudwala. Ufa udzatuluka wosagayika bwino, amai ena adzasenza chimanga chao kupita kuchigayo china, ndipo sefa idzang'ambika kawiri. Ndalama zimenezi sizilembedwa m'buku, chifukwa chache mwini chigayo saziona. Koma zatuluka m'thumba mwache ndithu.

Ku maiko a kunja eni makampani akulu ali kukamba kwambiri masiku ano za kulimba kwa anchito ao. Ponena kulimba atanthauza mphamvu ya munthu yakukumana ndi chobvuta, monga maliro, matenda, ngongole, nchito yochuluka kapena mkangano ndi kapitao, nabwereranso m'malo mwache osathyoka. Kuno kwathu tiri ndi mau akuti kupirira, ndipo ambiri asokoneza ziwirizi. Kupirira kumene tizolowera kuyamika ndi kuja kwa munthu wosenza mtolo wompyola msinkhu, wongoluma mano osanena kanthu kufikira atagwa. Kulimba kumene tinena pano kufanana ndi kwa ng'ombe ya ngolo yosamalidwa. Mlimi wanzeru amasula ng'ombe zache dzuwa likakula, nazimwetsa madzi, naona pakhosi ngati goli lazisupula. Sachita izi chifukwa cha chifundo chokha iai. Adziwa kuti mawa afuna zikokenso ngolo. Munthu si ng'ombe, ndipo tipepesa poyerekeza chotere. Koma n'zomvetsa chisoni kuti alipo eni nchito amene asamala ng'ombe zao koposa anthu ao.

Anawerenga Bwino ndi Amene Anawerenga Molakwa

Nkhani imeneyi si yatsopano. M'chaka cha 1913, pafupi ndi mzinda wa Detroit ku America, Henry Ford anali ndi fakitale yopanga galimoto. Nchito yache inali yoima malo amodzi tsiku lonse ndi kubwereza chinthu chomwechomwecho, ndipo anthu sanali kukhalitsa. Kuti malo a anchito 14,000 akhale odzaza, kampani inalemba anthu oposa 50,000 m'chaka chimodzi, pakuti ambiri anali kuchoka asanathe ndi miyezi yomwe. Aliyense wobwera anafunika kuphunzitsidwa, ndipo pophunzira anali kuononga zipangizo ndi kuchedwetsa anzache. Mu Januwale 1914 Ford analengeza kuti adzalipira madola 5 pa tsiku, pamene kale malipiro anali madola 2 ndi masenti 34, nachepetsanso maola a nchito kuchoka pa 9 kufika pa 8. Amalonda anzache ambiri anayesa kuti wapenga. Koma kuchoka kwa anthu kunachepa kwambiri, kujomba kunachepa, ndipo galimoto zinatuluka zochuluka. Tisamuyese munthu woyera mtima. Ndalamazo zinali ndi malamulo ache, ndipo anatuma anthu kukayendera nyumba za anchito kuti aone ngati amwa mowa kapena asunga ndalama, chinthu chimene ambiri anadana nacho. Chimene titengapo ndi chakuti munthu wokonda phindu anakhala pansi nawerenga, napeza kuti kusunga wanchito kutchipa koposa kufuna wina mwezi ndi mwezi.

Njira inayo tiidziwa bwino ife a kuno, pakuti makolo athu anaiyenda ndi mapazi ao. Zaka zambiri amuna a dziko lino anali kupita ku Joni kudzera mwa Wenela kukakumba golide. Kumeneko munthu wolimba anali iye wotsiriza nthawi yache osadandaula. Akayamba kutsokomola anali kumtumiza kwao, nalemba wina m'malo mwache. Fumbi la miyala limene anali kupuma pansi pa nthaka linali kuumitsa mapapo pang'onopang'ono, ndipo m'mapapo otere chifuwa chachikulu chilowa msanga. Ambiri anadzadwalira kumudzi, m'manja mwa akazi ao ndi alongo ao, ndipo eni migodi anayesa kuti mtengo wa matendawo wapita ndi mwini chifuwa. Boma la Malawi linaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha anthu athu oposa 70 amene anali kubwerera kwao. Za mapapo zinangogona zaka ndi zaka. Koma mlandu suola. Mu 2018 makampani akulu 6 a golide anabvomera kupereka marandi 5 biliyoni kwa anchito akale odwala ndi kwa mabanja a omwalira, ndipo bwalo lalikulu la ku Johannesburg linatsimikiza panganolo mu Julaye 2019. Nchito yogawa ndalamazo inapatsidwa kwa bungwe lotchedwa Tshiamiso Trust, ndipo panganolo likhudza amene anagwira m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019, pamodzi ndi a ku Malawi. Ndalama sizibweza mapapo a munthu. Koma eni migodi analipira pomalizira chimene anakana kulipira poyamba, pamene madzi othira pafumbi ndi mpweya wabwino zikadateteza anthu.

Tibwere kwathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zipatala za dziko lino zinali pa moto. Edzi inadzaza odwala m'zipinda zonse, inatenganso anamwino ndi madotolo ena. Otsala anatopa, ndipo ambiri anachoka kunka ku Britain kapena ku mabungwe olipira bwino. Tsono namwino akachoka, odwala ache sachoka naye. Agwera otsalawo, amene atopa koposa kale, ndipo posachedwa wina achokanso. Boma linali kutaya ndalama zophunzitsira anthu amene adzathandiza maiko a eni. Mu 2004 Unduna wa Zaumoyo unayamba chikonzero cha zaka 6, mothandizidwa ndi Boma la Britain ndi thumba la Global Fund. Anaonjeza malipiro a magulu 11 a anchito a chipatala ndi 52 pa 100, anakuza sukulu zophunzitsa anamwino ndi madotolo, naitananso ena amene anasiya kale. Pofika 2009 anchito a magulu amenewa anali atachuluka kuchoka pa 5,453 kufika pa 8,369. Sitinena kuti mabvuto onse anatha pamenepo. Amene wakhala pa mzere wa kuchipatala adziwa kuti anamwino ndi ochepabe. Koma zinaoneka poyera kuti kuphunzitsa anthu atsopano osasunga akale kuli ngati kutunga madzi m'chidebe chobooka.

Za Kuno ku Neno

Boma la Neno linabadwa mu 2003 pamene Mwanza anagawidwa pawiri, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu 138,291. Aliyense adziwa kuti kuno nchito siyenda mofewa. Kumtunda kuli mapiri ndi misewu yoterera nthawi ya dzinja. Kumunsi, cha ku Lisungwi ndi ku Matope, kuli dzuwa lootcha. Zaka zambiri kalata yotumiza munthu kukagwira nchito ku Neno ena anali kuilandira ngati chilango. Mu 2007 Unduna wa Zaumoyo unaitana bungwe la Partners In Health, limene kuno lidziwika ndi dzina lakuti Abwenzi Pa Za Umoyo, kuti agwirire nchito pamodzi. Nthawi imeneyo boma lino linalibe chipatala chachikulu. Pambuyo pache kunamangidwa chipatala cha pa Boma ndi china pa Lisungwi, ndipo zazing'ono za m'madera zinalimbikitsidwa.

Koma tifuna muone makamaka za athandizi a za umoyo a m'midzi, aja oyenda khomo ndi khomo. M'malo ambiri nchito yotere ipatsidwa kwa anthu odzipereka, osalandira kanthu. Ayamba ndi mtima wonse. Koma mvula ikagwa munthu ayenera kusankha pakati pa munda wache ndi odwala a eni, ndipo ana ache afuna nsima. Asiya mmodzimmodzi, ndipo maphunziro amene anapatsidwa apita nao. Abwenzi Pa Za Umoyo anatsata njira ina, imene Dr. Paul Farmer ndi anzache anayamba nayo ku Haiti m'zaka za m'ma 1980, yakuti wogwira nchito ya umoyo m'mudzi alipidwe. Ku Neno chiwerengero cha athandizi otere chinapitirira 1,000. Anatengedwa m'midzi momwe akhala, napatsidwa kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense anagawiridwa mabanja pakati pa 20 ndi 40, osati dera lonse. Pamwamba pao anaikapo anzao aakulu oti aziyenda nao, kuona zolemba zao ndi kumva zimene ziwabvuta. Mu 2018 bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linalangiza maiko onse chimodzimodzi, kuti anchito otere azilipidwa ndi kuyang'aniridwa bwino.

Onani kuti anthuwa sanangouzidwa ndi pakamwa kuti alimbe mtima. Anapatsidwa malipiro, mtolo wolingana ndi mutu wao, ndi munthu womuuza zikabvuta. Kulimba kwao kunamera pa zimenezi.

Kodi zinapindula? Kale mthandizi aliyense anali kutsata odwala angapo, makamaka a Edzi ndi a chifuwa chachikulu. Pakati pa 2016 ndi 2018 nchito inasinthidwa kuti aziyendera banja lonse mwezi uli wonse, ndipo anasintha dera ndi dera, kuti ayerekeze kumene njira yatsopano yafika ndi kumene isanafike. Zotsatira zache zinasindikizidwa mu 2021. Odwala matenda okhalitsa amene anali kusiya kubwera kuchipatala anachepa ndi pafupifupi 20 pa 100, ndipo amai oyamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba ya pakati anachuluka ndi pafupifupi 30 pa 100. Phindu la chipatala siliwerengedwa m'makwacha monga la sitolo, komabe ndalama zirimo. Wodwala wosiya mankhwala adzabweranso tsiku lina atanyamulidwa, ndipo kumchiza pamenepo kudya mankhwala okwera mtengo, bedi, ndi mafuta a ambulansi. Ndiponso kumudzi munda wache ukhala wosapalira, ndi wa womdikira kuchipatala womwe. Tsono nchito yotere siingatheke ndi munthu wobwera lero nachoka mawa. Mai sauza mlendo kuti ali ndi pakati pa miyezi iwiri. Nkhani yotere kwathu kuno ndi ya m'nyumba. Auza munthu amene wakhala akufika pakhomo pache zaka, amene anakhala nao pamaliro a agogo. Chikhulupiriro chimenechi chikhala mwa wanchitoyo, ndipo akachoka achoka nacho. Chimodzimodzi kusitolo: alipo anthu agula pamalo chifukwa cha mtsikana wogulitsa amene awalonjera ndi dzina.

Kulimba kuoneka kwenikweni tsiku la tsoka. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwetsa nyumba ndi kukokolola misewu m'chigawo cha Kum'mwera, naononganso malo opangira magetsi a ku Kapichira. Chaka chomwecho kolera inabuka, ndipo Neno anali mwa maboma oyamba kukhudzidwa. Pofika 2023 inali itapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Masiku otere wanchito nayenso khoma lache lagwa, chimanga chache chapita ndi madzi, ndipo ndi masiku omwewo pamene afunika koposa kunchito. Mwini nchito amene afuna kuti anthu ache adzaime naye tsiku limenelo ayenera kuyamba kale, nyengo iri bwino. Nkhokwe samanga njala itafika.

Matenda Osaoneka ndi Maso

Pali bvuto lina limene eni nchito ambiri saliwerengera. Munthu abwera kunchito, thupi liripo, koma mtima uli kwina. Usiku sagona, chakudya sichilowa, aiwala zimene wauzidwa, akwiya ndi zazing'ono. Kapitao amutcha waulesi kapena wamwano, ena ati walodzedwa. Kawirikawiri ndi matenda a maganizo, aja tinena kuti munthu ali kuganiza kwambiri, ndipo achizika monga matenda ena. Mu 2022 bungwe la WHO pamodzi ndi la ILO, loona za nchito pa dziko lonse, ananena kuti nkhawa ndi kukhumudwa zitayitsa masiku a nchito 12 biliyoni chaka chiri chonse, ndi chuma chokwana pafupifupi madola 1,000 biliyoni. Mabungwe omwewa analengeza mu 2021 kuti kugwira nchito maola 55 kapena kuposa pa sabata kuonjeza ngozi ya matenda a mtima ndi a kufa ziwalo, ndi kuti m'chaka cha 2016 anthu 745,000 anafa chifukwa cha maola otere. Powerenga izi tikumbukire alonda athu, amene ena achezera usiku wonse nakalimanso usana.

Apanso Neno ali ndi cholankhula. M'zipatala 14 za boma lino anayesa kufunsa odwala za maganizo ao, ndipo opezeka ndi kukhumudwa kwakukulu anaitanidwa kukhala m'magulu, kukambirana ndi mlangizi m'mene angathetsere mabvuto ao limodzilimodzi. Ena anapatsidwanso mankhwala. Njira yokambirana imeneyi inakonzedwa ndi WHO kuti itheke ndi anthu ophunzitsidwa amene si madotolo aakulu. Zotsatira zinatuluka mu 2024 m'nyuzi ya madotolo ya ku London yotchedwa The Lancet. Odwalawo anapeza bwino, anayamba kutha nchito zao za tsiku ndi tsiku koposa kale, ndipo ngakhale a m'nyumba mwao anapepukidwa. Mwini nchito sangachize matenda amenewa. Koma angathe kuzindikira kuti munthu wache wasintha, kumuitanira pambali, ndi kumpatsa tsiku lopita kuchipatala m'malo momchotsa. Tsiku limodzi lotere litchipa koposa miyezi yophunzitsa wina.

Tsono tichenjeze. Chifukwa nkhani ya kulimba yatchuka, kwabuka amalonda ogulitsa kulimba. Aitanira anchito kumsonkhano wa tsiku limodzi kuhotela, awaphunzitsa kupuma mpweya mofatsa ndi kuganiza zabwino, awapatsa zakumwa ndi malaya olembedwa mau, ndipo Lolemba abwerera kumtolo womwe uja. Mu 2024 wofufuza wa pa sukulu yaukachenjede ya Oxford, William Fleming, anasanthula mayankho a anchito oposa 46,000 a m'makampani ndi mabungwe 233 a ku Britain. Anapeza kuti amene analowa maphunziro a kulimba mtima, a kupeputsa maganizo, ndi ena otsata pa lamya za m'manja, sanali bwino koposa anzao amene sanalowe. Iye anaona kuti chofunika kukonza ndi nchito yeniyeniyo: maola ache, kuchuluka kwache, ndi kayendetsedwe ka oyang'anira. Ife tigwirizana naye. Kukambirana kuthandiza munthu wodwala, monga taona m'zipatala zathu. Koma kuuza munthu wosalipidwa miyezi itatu kuti alimbe mtima ndi chipongwe, ndipo iye achidziwa.

Lamulo ndi Zotheka Pakhomo

Zambiri zimene zisunga mphamvu ya wanchito ziri kale m'malamulo a dziko lino, ndipo mwini nchito pozitsata sachita chifundo, angolipira mangawa ache. Lamulo la Nchito la chaka cha 2000 linena kuti maola a nchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo opitirira alipidwe paokha. Wogwira masiku 6 pa sabata ayenera tchuthi cha masiku 18 pa chaka, wogwira masiku 5 ayenera masiku 15, malipiro osadulidwa. Amene watha miyezi 12 pa nchito, akadwala nabwera ndi kalata ya dotolo, ayenera masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka. Mai woyembekezera ayenera masabata 8 a malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu ziri zonse. Lamulo lina la 1997 lilamula kuti malo a nchito akhale osaika moyo pa ngozi, ndipo lina la 2000 linena za chipepeso cha munthu wobvulala pa nchito.

Wina adzati, "Izi nza makampani akulu, ine ndiri ndi anyamata awiri okha, ndipo ndalama zanga n'zochepa." Tamva, bambo. Koma chachikulu pa zonse sichifuna ndalama yoonjezera, ndicho kulipira tsiku limene munapangana. Wanchito wodziwa kuti pakutha pa mwezi alandira angathe kukongola mchere molimba mtima, kulonjeza mwini nyumba, ndi kugona tulo. Wosadziwa tsiku lache abwera kunchito mutu uli wodzaza masamu, ndipo munthu wotere ndiye aika dzanja pa lamba wa injini, ndiye ayamba kuona ufa wa eni ngati wache. Kwa aganyu ndi chimodzimodzi: panganani ndime ndi mtengo wache khasu lisanalowe pansi, ndipo musaonjeze ndime dzuwa litapendeka. Nthawi yokumba mbatatesi alimi onse afuna anthu sabata imodzi yomweyo, ndipo aganyu akumbukira amene anawazunguza chaka chatha. Mbatatesi zochedwa kukumba kapena manachesi ochedwa kuthyola sadikira munthu.

Za maliro tidziwa kuti zibvuta eni nchito ambiri. Palibe munthu wa kuno angakhale pachigayo amalume ache ali kuikidwa, ndipo kumletsa ndi kumphunzitsa kunama. Njira yabwino ndi kuphunzitsa anthu awiri nchito iri yonse, kuti mmodzi akachoka injini isazime. Ena aopa kuti akaphunzitsa wachiwiri adzafuna ndalama zambiri kapena adzakatsegula chache; koma tsiku limene chigayo chikhala chotseka chifukwa wodziwa ndi mmodzi yekha, ndalama za tsikulo zipita kwa mnzanu wa tsidya la msewu. Mutu umodzi susenza denga.

Zina n'zazing'ono. Fumbi la ufa si loopsya monga la migodi, komabe munthu wolipuma zaka adzatsokomola. Mpatseni chotchinga mphuno, ndipo tsegulani mazenera. Wopopera mankhwala m'munda wa mbatatesi kapena wa tomato abvale zophimba manja ndi thupi, asapopere moyang'ana mphepo, ndipo asambe asanadye. Kumunsi kotentha yambitsani nchito m'mamawa, madzi akumwa akhale pafupi. Wanchito akalakwa mdzudzuleni pambali. Womnyoza pamaso pa ogula ataya munthu ngakhale thupi lache litsale pasitolo.

Kwa inu aphunzitsi akulu ndi a komiti ya sukulu, mau athu ndi omwewa. Mphunzitsi watsopano akatumizidwa kusukulu ya kutali, miyezi yoyamba ndiyo iweruza ngati adzakhala kapena adzayamba kulemba makalata opempha kusamutsidwa. Akapeza nyumba yothonya, kalasi lalikulu loposa onse chifukwa ndiye wamng'ono, ndipo palibe womlonjera madzulo, musadabwe akachoka chaka chisanathe. Ndipo ana a Sitandade 1 adzayambanso kuzolowera nkhope ina. Malipiro ache sali m'manja mwanu, koma kugawa makalasi kuli m'manja mwanu. Mafumu naonso angathandize poumbitsa njerwa za nyumba ya mphunzitsi ndi pombwereka kamunda, monga midzi yambiri yachita kuyambira kale.

Amene ali ndi funso pa malamulo tachulawa, kaya ndi wanchito kaya ndi mwini nchito, apite ku ofesi ya Boma yoona za nchito. Milandu yokanika kumeneko ipita ku Bwalo la Milandu ya Nchito, limene liri ndi ofesi ku Blantyre. Popita tengani kalata yolembedwera nchito ngati iripo, ndi mapepala osonyeza masiku amene munagwira ndi ndalama zimene munalandira. Eni nchito naonso asunge buku lotere, ngakhale kope la ana a sukulu, ndipo wanchito asaine kapena adinde chala mwezi uli wonse polandira.